Kodi masomphenya a maphunziro m'sukulu za boma tingawateteze bwanji kuti asamasinthe boma likasintha?

Kholo la ku Mchinji

Ndikupempha maganizo kwa aphunzitsi, makolo anzanga ndi onse amene amatsata nkhani za maphunziro. Dziko lathu lili ndi masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ndipo Unduna wa Zamaphunziro uli ndi ndondomeko yakeyake ya zaka khumi, yoyambira 2020 mpaka 2030. Komabe tisaiwale kuti tinalinso ndi Vision 2020, ndipo chaka cha 2020 chinatipeza ana ambiri akuphunzirabe pansi pa mitengo. Mwana amene walowa Sitandade 1 chaka chino akufunika zaka 12 kuti amalize Fomu 4, ndipo m'zaka zimenezo dziko lidzachita zisankho kawiri kapena katatu. Nanga tingatani kuti zimene tamulonjeza mwanayu polowa sukulu zidzakhale zomwezo potuluka? Ndi zinthu ziti zoyenera kuikidwa patsogolo, poti ndalama zochitira zonse nthawi imodzi tilibe?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Bambo a ku Mchinji, mwafunsa funso lofunika kwambiri. Ine ndinali m'kalasi mu 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Ganizo lenilenilo linali labwino, ndipo sindidzalinyoza, chifukwa ndinaona ndi maso anga ana amene ankaweta mbuzi akubwera kudzagwira pensulo koyamba. Vuto linali lakuti tinatsegula chitseko tisanakonze mphunzitsi. Boma linalemba ntchito anthu masauzande ambiri osaphunzitsidwa zauphunzitsi, nkuwapatsa maphunziro a masabata ochepa, ndipo pulogalamu ya MIITEP yowasula inabwera pambuyo. Pasukulu yathu tinkakoleka bolodi pamtengo wa mango, choko chimodzi nkuchidula pakati kuti aphunzitsi awiri agawane, ndipo mvula ikangoyamba kudontha, maphunziro a tsikulo athera pomwepo.

Choncho ine ndikuti masomphenya alionse ayambire pa mphunzitsi: angati amene makoleji monga a Lilongwe, Kasungu, Karonga ndi Machinga angatulutse chaka chilichonse, ndalama zowalembera ntchito akangomaliza zilipo kodi, ndipo akatumizidwa kumudzi akagona kuti. N'zopweteka kuona achinyamata amene boma lawaphunzitsa ndi ndalama za misonkho akukhala pakhomo zaka osalembedwa ntchito, pamene mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 2 akulimbana ndi ana oposa zana. Pa nkhani yosinthasintha, onani mayeso a JCE, a mu Fomu 2: omaliza analembedwa mu 2016, boma lina nkudzawabwezeretsa mu 2021. Kaya mayesowo ndi ofunika kapena ayi, ana ndi aphunzitsi sanayenera kukokedwa uku ndi uku chotero.

Mayi wa m'komiti ya sukulu, Phalombe

Aphunzitsi a ku Dedza, ndikugwirizana nanu, koma mphunzitsi angakhalepo mwana osabwera. Kuno kwathu namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anagwetsa midadada ndi zimbudzi, ndipo makalasi amene anatsala anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Masomphenya a zaka makumi anayi amene sakunena za kamangidwe ka sukulu zolimba m'madera a madzi osefukira sanalembedwere ife. Chinanso, ife a m'komiti ndi amayi a mother group timadziwa mtsikana aliyense amene wasiya kubwera, timadziwanso ngati chifukwa chake ndi mimba, ganyu, njala kapena kusowa kwa chimbudzi chotsekeka pa nthawi yomwe ali kumwezi. Sukulu ikamaphika phala, ana amadzaza. Phala likatha, mipando imayamba kuoneka. Zimenezi si zongomva, timaziona teremu iliyonse. Koma ndondomeko zikuluzikuluzi zimalembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe, ndipo ambiri a ife sitinazionepo. Ziikidwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina, ziwerengedwe pamsonkhano wa makolo, chifukwa chinthu chimene makolo akuchidziwa n'chovuta kuti wandale achichotse mwakachetechete.

Wophunzira zauphunzitsi, Zomba

Ndiloleni ndiyankhe mbali ya funso imene ikunena za kuteteza masomphenya. Ambiri amati tiwaike m'malamulo, koma lamulo lokha silikwanira. Lamulo la maphunziro la 2013 limanena kuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, komabe m'misika yathu muli ana ogulitsa mandasi ndi madzi nthawi ya sukulu, ndipo palibe amene amafunsidwa.

Maganizo anga ndi akuti tisankhe zolinga zochepa kwambiri, zimene kholo losaphunzira lingathe kuzitsimikizira lokha, ndipo choyamba chikhale chakuti mwana aliyense azitha kuwerenga ndi kumva zimene wawerenga asanatuluke mu Sitandade 4. Mwana amene wadutsa pamenepo asakudziwa kuwerenga amangobwereza makalasi mpaka kutopa, ndipo mayeso a PSLCE, a mu Sitandade 8, sadzawaona n'komwe. Apa ndi pamene nkhani ya chilankhulo imalowa, ndipo nayonso taisinthasintha: mu 1996 boma linalamula kuti makalasi oyambirira aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha makolo, koma mu 2014 kunalengezedwa kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Mwana wa zaka 6 amene kwawo samva Chingerezi amaphunzira kuwerenga msanga m'chilankhulo chimene amalankhula, ndipo Chingerezicho amadzachigwira bwino atadziwa kale kulumikiza zilembo. Pulogalamu yowerenga ya dziko lonse imene inayamba mu 2016 inaika mtima pa zimenezi, koma ntchito zotere zimadalira kwambiri thandizo lakunja, ndipo opereka thandizo akachoka, kusindikiza mabuku kumaima. Mabuku a Sitandade 1 mpaka 4 ayenera kukhala ndi gawo lawolawo m'bajeti yathu.

Njira yotetezera ndi yakuti nduna, kaya ndi ya chipani chanji, izikapereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse pa zolinga zomwezomwezo, dera ndi dera, kuti phungu wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa aone pamene dera lake lili. Wofuna kusintha cholinga ayambe wafotokozera aphungu chifukwa chake, asangolengeza pamsonkhano wandale.

Kholo la ku Mchinji

Zikomo nonse. Mfundo ya kuwerenga pofika Sitandade 4 ndaigwira, ndipo ndikaipereka pamsonkhano wa makolo kusukulu ya ana anga. Chimene chikundivutabe ndi sekondale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, pafupifupi theka lawo ana osakwana zaka 18, ndipo tikakonza pulayimale, ofuna malo mu Fomu 1 adzachuluka kuposa lero. Ambiri amene amasankhidwa amapita ku ma CDSS, sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, omwe ochuluka alibe labotale kapena laibulale, koma amalemba MSCE yofanana ndi anzawo a m'sukulu zogonera komweko. Ndikupempha amene akuphunzitsa ku CDSS atiuze ngati kuli bwino kumanga sukulu zatsopano kapena kuyamba takonza zimene zilipo kale.