Pulojekita ya malemu bambo ndi mafilimu awo: ndiyambire pati?

Nachisale, Chilomoni:
Ndikupempha nzeru kwa odziwa. Pokonza m'nyumba ya malemu bambo tapeza pulojekita ya Eumig imene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg mu 1972, pamodzi ndi mawilo 14 a filimu ya Super 8 amene anali m'sutikesi pamwamba pa wadiropu. Nditailumikiza ku magetsi babu linayaka ndipo mota inalira, koma mawilo sanazungulire. Achimwene akuti tingoikamo filimu imodzi tione, koma ine mtima ukukana, chifukwa pa wilo lina bambo analemba ndi pensulo kuti ndi ukwati wa azakhali athu. Kodi ndiyambe ndi chiyani, nanga filimu imatsukidwa?

Gondwe, Limbe:
Mayi, achimwene anuwo muwaletse ndithu. Makina amene akhala zaka zambiri osagwira ntchito amatafuna filimu, ndipo timabowo ta m'mphepete mwa filimuyo tikang'ambika n'kovuta kwambiri kutibwezeretsa. Ine ndinkakonza mawailesi kale, ndipo monga mwafotokozeramu ndikuganiza kuti mbali za labala zimene zimapereka mphamvu kuchokera ku mota zinauma kapena zinasungunuka n'kukhala ngati phula, komanso girisi wakale anauma n'kugwira mano a m'kati. Zulani pulagi, tsegulani kumbuyo, chotsani girisi yenseyo ndi thonje loviika mu isopropyl alcohol (mtundu wa sipiriti woyera wopukutira zipangizo), kenaka pakani watsopano pang'ono chabe. Mafuta a makina osokera ndi abwino, koma kadontho kamodzi n'kokwanira, ndipo asafike pa labala kapena pamene pamadutsa filimu.

Malo ofunika kwambiri ndi kachipata kachitsulo kamene kali pakati pa babu ndi galasi, chifukwa litsiro limaumbika pamenepo n'kulimba ngati mchenga, ndiye limalemba mzere pa filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Palani ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano kapena sikuludiraiva. Babu likakhala la halogen musaligwire ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amalipsereza msanga, ndipo kulipeza lina muno mu Blantyre si nkhani yamasewera.

Naphiri, Namiwawa:
Zimene anena a Gondwe n'zoona, koma ine nkhawa yanga ili pa mafilimuwo, poti makina mungapeze ena koma ukwati wa azakhali uli pa wilo limodzi lokhalo. Tsegulani wilo lililonse ndipo mulinunkhize. Filimu za Super 8, zimene Kodak inayamba kugulitsa mu 1965, zambiri zinapangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa acetate, ndipo zikakhala potentha ndi pachinyezi zimayamba kuwola n'kumanunkha viniga, kenaka zimapindika ndi kufota. Pamwamba pa wadiropu, pafupi ndi malata, ndi malo oipitsitsa, nanji kuno kumene chinyezi cha dzinja chikangotha chiperoni chimalowa.

Filimu imapukutidwa, sitsukidwa. Madzi amafewetsa mbali imene ili ndi chithunzi, ndipo sipiriti wa m'magolosale uja musamuyese n'komwe, popeza muli utoto ndi madzi. Donthezani isopropyl ya 99 peresenti pa kansalu kosathothoka ubweya, pindani kansaluko, ndipo kokani filimuyo pang'onopang'ono pakati pa zala kuti iume isanakulungike pa wilo linalo. Wilo laling'ono la mamita 15 limatha m'mphindi zitatu ndi pang'ono poonera, koma polipukuta musaliwerengere nthawi. Mukaona chuku, musapale.

Nachisale, Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. Ndanunkhiza madzulo ano ndipo mawilo awiri akununkha viniga kwambiri, mpaka m'mphuno kuyabwa, koma mwamwayi la ukwati lilibe fungo. Kodi awiriwo ndiwataye?

Naphiri, Namiwawa:
Ayi mayi, musawataye, koma muwachotse pa anzawo lero lomwe, chifukwa asidi amene akutulukamo amafulumizitsa kuwola kwa enawo. Musawaike m'pulojekita, popeza filimu yofota silingananso ndi mano a makina. Kuwolako sikubwezeka, choncho awiriwo ndi amene ayenera kukhala oyamba kujambulidwa n'kusungidwa pa kompyuta. Enawo muwagoneke mopingasa m'kabati ya m'chipinda chozizira bwino, kutali ndi khoma lakunja, ndipo sutikesi ija muyanike ilibe kanthu.