Kodi Dolly Parton ndiye adapambana kwambiri mphoto ya oyimba achizimayi?

Wa pa Lizulu: Akuluakulu, tithandizeni. Pano pa msika tikukangana: mphoto ya mayi woyimba bwino nyimbo za country amapereka ndani, ndipo Dolly adaitenga kangati?

Malume a ku Bembeke: Achimwene, mphotozi zilipo zingapo, n'chifukwa chake anthu amasokoneza. Yotchuka ndi ya CMA (Country Music Association), bungwe la nyimbo za country la ku Nashville ku America, ndipo mphotoyi idayamba mu 1967. Woyamba kuilandira anali Loretta Lynn, kenako Tammy Wynette zaka zitatu zotsatizana, 1968 mpaka 1970. Dolly adaitenga kawiri kokha, mu 1975 ndi 1976. Wopambana onse ndi Miranda Lambert, kasanu ndi kawiri. Reba McEntire naye musamuiwale, adaigwira kuyambira 1984 mpaka 1987.

Mayi wa ku Kampepuza: Zoona, malume. Ndiwonjezere kuti savota ndife omvera ayi. Amavota mamembala a bungwelo, monga oyimba, opeka nyimbo, owulutsa pa wailesi ndi ojambula, ndipo mavoti amachitika katatu. Amayang'ana ntchito ya chaka chimodzi, kuyambira 1 Julaye mpaka 30 Juni. Ndiye kutchuka kwa Dolly m'maminibasi a pa M1 sikuwerengedwa, ngakhale kwa ine mawu ake alibe mnzake.

Wa ku Dedza Boma: Pena anthu amaphatikiza CMA ndi ACM (Academy of Country Music), bungwe linanso lopereka mphoto za country, lomwe lidayambira ku Los Angeles. Kumeneko Miranda adapambana kasanu ndi kanayi motsatizana. Mphoto ina ya nyimbo ku America, ya Grammy, idali ndi gawo la amayi oyimba country mpaka 2011, koma kuyambira 2012 amayi ndi abambo amapikisana pamodzi. Mukamakangana, muziyamba mwafunsana kuti mukunena mphoto iti.