Ndabweranso ndi yankho pa nkhani ya mabungwe a madokotala ku America

Mwezi watha ndinafunsa ngati aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo ku America angalowerere pa mfundo za bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala. Ndafufuza ndipo yankho ndi lakuti inde. Bungwelo limakhazikitsidwa ndi lamulo la chigawo, ndiye aphungu akafuna amatha kulichotsera mphamvu.

Zimene zinandikhudza kwambiri ndi za ku Tennessee. Mu September 2021 bungwe la kumeneko linachenjeza kuti dokotala wofalitsa mabodza pa katemera wa COVID-19 akhoza kulandidwa chiphaso. Phungu John Ragan analilembera makalata kuti lapyola malire, mpaka kuopseza kuti lithetsedwa. Pofika December mamembala anavota kuti chenjezolo lichotsedwe pa tsamba lawo la pa intaneti.

Ku California zinali zosiyana: aphungu eniwo ndiwo anakhazikitsa lamulo lolanga madokotala otere mu 2022, khoti linaliimitsa, ndipo mu 2023 analifafaniza.

Kunena zoona, za ku Tennessee zikundidetsa nkhawa. Wodwala amene wakhala pa benchi kudikira dokotala sadziwa kuti bungwe lomuteteza linakakamizidwa kukhala chete.