Mitu ya tiasilikali ta Waterloo ikungothothoka, thandizeni

Kaburashi: Akuluakulu ndili pa mavuto. Ndinalandira oda yopenta tizidole tapulasitiki ta asilikali a Britain totalika 28mm, mabatalyoni anayi, iliyonse tianthu 24, onse pamodzi 96, kasitomala akufuna a ku nkhondo ya Waterloo ya 1815. Vuto ndi loti mabokosi amene anabweretsa ndi a nkhondo ya ku Spain ndi Portugal ija, zipewa zake ndi zija zoongoka ngati paipi, stovepipe, pomwe iye akufuna Belgic shako, chipewa cha kutsogolo kotalika chija. Ndiye anagula mitu yachitsulo payokha kuti ndisinthe. Ndadula mitu 24, ndamata yatsopano ndi guluu wa pulasitiki yemwe ndimagwiritsa ntchito masiku onse, ndathira pulayima (penti woyambira uja), ndapenta mpaka nkhope, lero ndikuti ndizinyamule mitu 9 yagwa yokha pa tebulo ngati mtedza. Itatu ndinabwezeretsa ndi supagulu koma pakhosi ponse payera mbuu, komanso penti wa pachipewa akusupuka ndikangokhudza ndi chikhadabo. Kwatsala 72 osayamba ndipo mtima wagwa kale

Mkulu wa Mitu: Pepani achimwene koma guluu ameneyo sakanagwira olo mukanadikira chaka. Guluu wa pulasitiki si guluu kwenikweni, ntchito yake ndi kusungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zikauma zikhale chinthu chimodzi. Pa chitsulo alibe chosungunula. Chimene chinagwira mitu yanuyo masiku onsewa ndi pulasitiki yofewa ya pakhosi yomwe inangokakamira pang'ono, ndi penti basi. Ndiye 15 yotsalayo musayikhulupirire, igwa m'manja mwa kasitomala pa gemu yoyamba, bola muyizule nokha lero

Kaburashi: Ayi zoona, ndagwedeza iwiri yachoka osalimbana nayo nkomwe 😭

Mkulu wa Mitu: Eya. Tsono chitani chonchi. Pezani kachiboolera kam'manja kaja ka pin vise ndi kamsomali ka 0.8mm, boolani pansi pa mutu mwina 2mm kulowa, boolaninso pakhosi pa thupi 3mm, mudule kawaya kamkuwa kolowa bwino m'bowomo, ngakhale waya wa pepa kilipu amagwira ngati bowo mwalikuza pang'ono. Musanaboole bayani kaye kadontho ndi nsonga ya mpeni pakatikati penipeni apo ayi kamsomali kamaterereka nkukatulukira pa tsaya, ine ndinawononga sajeni wabwinobwino choncho. Pansi pa mutu palani ndi tupa pakhale fulati komanso pokhakhala pang'ono. Kenako supagulu KADONTHO, osathira kuchokera m'botolo, donthezani pa kapepala mutenge ndi nsonga ya waya. Wayayo ndi amene amanyamula katundu, guluu amangoletsa mutu kuzungulira

Mlongo wa Vanishi: Za kuyera mbuu zija ndi nthunzi ya supagulu, akachuluka amatuluka nthunzi yomwe ikakumana ndi chinyezi imakhala ngati ufa pa penti. Zimanyanya mukamata nkutsekera tianthu m'bokosi nthawi yomweyo. Zisiyeni pa mpweya usiku wonse. Zomwe zayera kale musadandaule nazo, vanishi wonyezimira pang'ono ndi burashi amazibisa, kapena kungobwerezapo penti wa kolala.

Koma funso langa ndi ili, mitu yachitsuloyo munayitsuka musanathire pulayima?

Kaburashi: Kutsuka?? ayi asisi, ndinangochotsa m'kapepala nkumata

Mlongo wa Vanishi: Ndi pamenepo penti akusupukira. Poumba zitsulo zija amathira paudala m'chikombole kuti zisakakamire, ndiye kaufa kameneko ndi mafuta a zala zathu zimatsalira. Madzi ofunda, sopo wa mbale, mswachi wakale, muumitse bwinobwino. Mitu yomwe mwapenta kale iviikeni mu acetone ikachoka pa thupi, achotsa penti ndi supagulu yemwe, koma chonde thupi lapulasitiki lisayandikire acetone, limasungunuka nkukhala phala. La pulasitiki ndi isopropyl alcohol. Ngakhale kunena zoona matupiwo sindikuona chifukwa chowachotsera penti, vuto lili kumutu kokha

Wazakale: Ndaliwerenga lonse ndipo amisiri anena zoona, koma ine ndikufunsa china, ndani anakuuzani kuti mitu yonse 96 iyenera kusinthidwa? Belgic shako inalamulidwa mu 1812 inde, koma si onse anavala pa 18 June 1815, tsiku la nkhondo ya Waterloo. A 28th Regiment, a North Gloucestershire, anamenya nkhondo za ku Quatre Bras ndi Waterloo atavala stovepipe yawo yakale. Ndiye batalyoni imodzi isiyeni momwe ilili, kolala ndi kumapeto kwa mikono ya jekete mupente chikasu, mwapeza 28th popanda kudula mutu olo umodzi. Ndipo anthu amenewa ali ndi kanthu kokoma, ankavala kabaji kumbuyonso kwa chipewa chifukwa cha nkhondo ya ku Alexandria, ku Egypt, mu 1801 komwe mzere wakumbuyo unatembenuka nkumenya adani mbali zonse ziwiri. Kadontho kakang'ono ka green stuff (phala loumbira lija limauma gwa) kumbuyoko, kupentapo mtundu wa mkuwa, kasitomala wodziwa mbiri adzasangalala kuposa mitu yatsopanoyo.

Enanso ndi a light infantry, asilikali apansi oyenda mwachangu aja, monga 52nd, nawo anasunga chipewa choongoka. Awo kolala yawo ndi buff, chikasu chotuwira chija, nthenga zobiriwira onse, baji yake ndi lipenga m'malo mwa chimbale chachikulu cha kutsogolo kwa chipewa chija, ndipo aliyense ali ndi timapiko pamapewa. Apa ntchito ilipo ndithu chifukwa mupale mbale ya kutsogolo 24 ndi kuumba timapiko 48, kaya mungakonde ziti pakati pa zimenezo ndi kuboola

Kaburashi: Akulu mwandipulumutsa!! za 28th sindimadziwa. Koma timapiko 48 ayi zikomo kkkk green stuff ine amandimatirira ku zala kuposa pa chidole

Mkulu wa Mitu: Nyowetsani zala ndi chida chomwe, ndipo mukasakaniza wachikasu ndi wabuluu uja mpaka kubiriwira musiyeni kaye mphindi 20, amasiya kunyata. Mudzamufunabe potseka mpata wa pakhosi, chifukwa mitu yogula payokha kawirikawiri siyikhala ndendende pa kolala ya kampani ina. Kasoseji kowonda ngati ulusi kuzungulira khosi, kukanikiza ndi nsonga yonyowa, kumawoneka ngati stock yachikopa ija ankavala pakhosi, mupente yakuda basi. Muyembekeze mpaka mawa lake musanapente

Mlongo wa Vanishi: Komanso musanamate yesani kaye mutu pouma muone kukula. 28mm ya kampani iyi si 28mm ya kampani iyo, nthawi zina mutu umakhala ngati dzungu pa thupi la mwana. Ndipo asayang'ane onse kutsogolo ndendende ngati zithunzi za pa chiphaso, ena apendekeni pang'ono, wayayo amalola kutembenuza guluu asanaume

Wazakale: Poti mukupentanso zipewa, kumbukirani kuti pa Belgic nthenga ili kumanzere, pa stovepipe ili kutsogolo pakati. Makampani apakati pa batalyoni nthenga yoyera pamwamba yofiira pansi, makampani awiri a m'mbali aja, ma grenadier yoyera yonse, a light company yobiriwira. Ma thalauza a 1815 akhale otuwa, osati oyera. Jekete la msilikali wamba lisafiire psuu, linali lofiira mozimirira ngati njerwa, kufiira kowala kuja kusiyireni ma ofesala. Ndipo yang'anani ma ofesala a m'mabokosi anuwo, ngati ali ndi chipewa cha nsonga ziwiri ndi jekete la mchira wautali ndi a zaka zoyambirira za ku Spain, mutu wokha sukwanira, mchirawo mudulenso. Muuzeni kasitomala kuti 28th inali mu brigade (gulu la mabatalyoni angapo) ya kazembe Kempt, pansi pa kazembe Picton, pamodzi ndi 32nd ya kolala yoyera, ndiye imodzi mwa zosinthidwazo ikhale 32nd zigwirizane pa tebulo

Kaburashi: Ndabweranso. Kasitomala wavomera za 28th mosangalala, wati anali atawerengapo koma anayiwala, 52nd wakana yekha. Ndiye mitu yoboola yatsika kufika 72. Dzulo ndazula yonse 24, ndaviika, ndatsuka, ndaboola 12 ndipo kamsomali kamodzi kathyokera m'mutu mwa woyimba ng'oma chifukwa ndimakanikiza, ndaphunzira kuti pa chitsulo chofewachi uzizungulira pang'ono nkutulutsa kuchotsa zinyenyeswa. Mmodzi ndamugwetsa dala kuchokera pa tebulo, bayoneti yapindika koma mutu uli gwa. Khosi silinayerenso

Mkulu wa Mitu: Pakani kasopo kapena kandulo pa kamsomaliko kazilowa mofewa, ndipo gulani tiwiri tapadera, pa mitu 60 yatsalayo kena kathyokanso

Mlongo wa Vanishi: Ndipo tsiku la vanishi wa sipule mutifunse kaye, kukakhala chinyezi musayerekeze, mungayeretse onse 96 nthawi imodzi. Yesani pa woyimba ng'oma wovulalayo poyamba