Kodi "ukachenjera manja udya naye" akutanthauzanji?

Akuluakulu, ndithandizeniko. Mwambi woti "mwana wa mnzako ngwako yemwe" timaudziwa tonse, koma ambirife timaudula pakati. Wonse umati "mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Mchira wakewu ndiwo wandiimitsa mutu. Kuchenjera manja nkutani? Kwa ine zikumveka ngati za munthu wochangamuka pa mbale. Ndiye akutiphunzitsa kulera kapena kudyera mwana wa eni?

Wina wa ku Ntcheu:
Ayi achimwene, si dyera. Manja ochenjera ndi manja osachedwa kuthandiza. Khanda la mnzako likulira, mayi wake ali kudambo, iwe walinyamula, walipukuta, walimwetsa phala. Mwanayo akadzakula sadzakuiwala, kangachepe kake mudzadyera limodzi.

Mayi wa ku Thyolo:
Zoona, koma musaiwale mmene anthu ankakhalira m'nthawi ya atsamunda. Chikhazikitsireni ulamuliro wawo mu 1891, msonkho wa nyumba unabalalitsa amuna. Ena analowera ku Halale, ena ku Joni kudzera ku Wenela (bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi), ena mpaka kusanduka matchona. Kuno kumwera kunalinso thangata m'minda ya azungu. Nanga khanda linkatsala ndi yani? Likangotuluka m'chikuta, mchombo utagwa, linkayamba kuyenda m'manja mwa anthu: agogo, azakhali, ndi kamtsikana kamlezi koti nakonso mamina ali mbwee. Mkaka wa m'chitini kumudzi kunalibe. Mayi akamwalira pobereka, mayi wina woyamwitsa ankalandira khandalo kubere lake, apo ayi linkamutsatira mayi wakeyo. Mwana wa mnzako ankakhaladi wako, osati pakamwa pokha.

Sindikuti mwambiwu unabadwa nthawi imeneyo, umaoneka wakale kuposa apo. Koma m'zaka zimenezo ndi pamene unkagwira ntchito usana ndi usiku.

Wofunsa uja:
Zikomo amayi. Nanga a mishoni sanasinthe kaleredweka?

Mayi wa ku Thyolo:
Anayesa. Nalonso boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929, komwe aphunzitsi a m'midzi ankapita ndi akazi awo, ndipo akaziwo ankaphunzira ukhondo ndi kasamalidwe ka makanda kuti akaphunzitse anzawo. Zipatala za mishoni ngati za ku Nkhoma ndi Blantyre zinaliponso. Koma zinali patali, ndipo ambiri ankachirabe m'manja mwa azamba, mwana nkumumangirira mphinjiri, nkumupaka mankhwala a liwombo. Zina mwa izo zinkapweteketsa ana, tisabise, monga kufulumira kumupatsa phala asanakhwime m'mimba.

Bambo wa ku Dowa:
Inu nonse mwaukometsa kwambiri mwambiwu. Ine ndimaumva mosapsatira. Phala la mwana limatsala nthawi zonse, ndipo wodyetsayo ndiye amanyambita chipande. Mlezi wogona tulo ankagona ndi njala, wochangamuka ankakhuta. Makolo athu sankachita manyazi kunena kuti wolera naye ayenera kupezapo kanthu, mwinanso nchifukwa chake olera sankasowa.

Wina wa ku Ntcheu:
Bambo, ndiye mwati agogo athu ankalera ana a eni chifukwa cha phala lotsala?

Bambo wa ku Dowa:
Mu njala ya 1949 mukanafunsa zimenezo?