Thandizeni: GROUP BY yandikanika pa ma entity bean a CMP

Moni nonse akuluakulu,

Sabata yathunthu ndikulimbana ndi vutoli, mutu wafika potentha. Kuntchito kwathu tili ndi sisitimu yakale yosunga ngongole za makasitomala, yomangidwa mu Java ndi ma entity bean a CMP pa EJB 2.1 (tizigawo ta pulogalamu toimira mizere ya mu database, pomwe container, kapena kuti seva yoyendetsa ma bean, ndi imene imawerenga ndi kulemba mu database). Ikuyenda pa seva ya JBoss 4.0, database ndi PostgreSQL. Abwana akufuna lipoti la ndalama zomwe nthambi iliyonse yatolera mwezi ndi mwezi. Pa SQL wamba ndi kantchito kochepa: kulumikiza matebulo atatu, SUM (kuwonkhetsa), GROUP BY (kuika m'magulu), basi. Koma EJB QL ya 2.1 (chinenero cholembera ma query a ma bean amenewa), ngakhale ili ndi SUM ndi ORDER BY, GROUP BY ilibe, ma subquery (query m'kati mwa query ina) nawonso mulibe.

Ndinayamba ndi ejbSelect (method ya mu bean yoyendetsa query ya EJB QL) yokhala ndi SUM, n'kumaiitana pa nthambi iliyonse, mwezi uliwonse. Imagwira, koma ma query amachuluka ngati nyerere pa shuga. Kenako ndinakoka malipiro onse ndi finder (method yofufuza ma bean) kuti ndiwonkhetse mu Java. Apa ndiye log inadzaza, SELECT imodzi pa bean iliyonse, mpaka transaction inathera panjira. Nditaika read-ahead ya on-find (kuwerengeratu deta nthawi yomwe finder ikufufuza) mu fayilo ya jbosscmp-jdbc.xml zinapepukako, komabe memory ikudyeka koopsa.

Za kusamukira ku JPA (njira yomwe inalowa m'malo mwa ma entity bean) musanditchulire kaye, abwana anakana kale.

Ndiye nditani? Ndilembe JDBC (njira yotumizira SQL wamba kuchokera mu Java) mwachindunji mu session bean kudzera pa DataSource yomweyo imene ma entity bean amalumikizirana nayo ndi database, kapena ndipange view (query yosungidwa yooneka ngati tebulo) mu database n'kuimangirira ku bean yongowerenga? Komanso ndikasankha JDBC, kodi zosintha zomwe container isanazilembe mu database m'kati mwa transaction yomweyo ndidzaziona? Amene munadutsamo, ndithandizeni chonde.