Morphine kwa wodwala yemwe anakhalapo ku rehab

CO (clinical officer) wa ku OPD: Anzanga ndithandizeni mutu waima. Ndili ndi bambo wa zaka za m'ma 40, khansa ya kummero, ngakhale phala likuvuta kumeza, usiku sakugona ndi ululu. Panado ndi brufen zinakanika kalekale. Ndalemba morphine wamadzi 2.5mg maola 4 aliwonse koma ku pharmacy akaniza ati mu health passport mwalembedwa kuti anakhalapo ku rehab ya St John of God ku Mzuzu kaamba ka kachasu ndi tramadol (mankhwala a ululu). Papita zaka 6, mkazi wake akuti chibwerereni sanalaweko. Ndiye munthu azibuula mpaka kufa chifukwa cha tsamba limodzi la m'buku?

Wa ku pharmacy: Achimwene, mu DDA register, buku lolembamo mankhwala oopsa ngati morphine, timasayina ndife. A PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala, akabwera kudzawerenga safunsa amene analemba, amagwira wosunga kiyi.

Nesi wa palliative (wosamalira odwala matenda osachiritsika): Mbiri imeneyo si chifukwa chomumana, ingoti muchenjere. Botolo asunge gadiyani osati mwiniwake, mupatseni wa sabata imodzi yokha, pobwera abwere ndi botololo muone pomwe afika. Wolemba akhale mmodzi, asamazungulire zipinda. Chonde musamubwezere pa tramadol ati ndi wofookerako, ndi amene anamugwetsa uja, komanso amatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu makamaka yemwe anali wamowa. Diazepam (wogonetsa uja) ayi, mukaphatikiza ndi morphine kupuma kumatsika, akamweranso kachasu ndiye basi. Za kudzimbidwa kobwera ndi morphine musaiwale.

Mzamba: Ine zimenezi zimandiopsa. Komwe ndinkagwira kale mnzathu wina amakoka pethidine (jakisoni wa ululu) n'kubaya amayi madzi, mayi wa siza kulira usiku wonse ife kumati ndi wamantha, tinadzatulukira titamupeza mnzathuyo atagona mu sluice (chipinda chotsukira ziwiya za odwala) sirinji ili m'thumba. Anali wakhama pantchito, mpaka pano zimandipweteka.

Wa ku pharmacy: Mwamvatu. Ndiye ine nditulutse botolo lathunthu lipite kumudzi? Likapezeka pamsika asayina ndani?

Nesi wa palliative: Ameneyo anali wantchito wokhala ndi kiyi, uyu ndi wodwala woti malovu omwe akulephera kumeza, musaphatikize. Ndipo kambiranani naye yekha maso ndi maso, ena amakana okha poopa kubwerera komwe anachoka, wina anandilirira kuti bola ululu kusiyana ndi kuchititsanso manyazi ana ake.

CO wina: Lembani zonse mu fayilo, pain score, zomwe mwagwirizana ndi gadiyani, DMO (dokotala wamkulu wa chipatala cha boma) asayinirenso. Mufunsenso ngati pakhomopo palibe mnyamata wa zamankhwala, nthawi zina womwa si wodwalayo. Naloxone, wotsitsimutsa munthu morphine akachuluka m'thupi, alipo kwanuko?

Wa ku pharmacy: DMO akasayina nditulutsa wa masiku 3 basi. Register ndi yanga.

Mzamba: Kodi morphine wamadziyo kwanu alipo? Kuno anatha mwezi watha, tikungotumiza anthu ku boma.